CHIFUWA CHA ANA AGALU: KODI CHIMACHOKERA KUTI?

Miyezi ya June ndi July ikafika kuno ku Masambanjati, pamene chiperoni chikuta mapiri athu ndi minda ya tiyi ndi nkhungu yozizira, si anthu okha amene amatsokomola. Mlimi wa tulo topepuka amamva usiku kagalu kake kalikutsokomola pakhonde, kapena kalikupuma ndi phokoso lachilendo. Ambiri amangoti, "Ameneyo ndi galu, achira yekha," natembenuka kugona. Tiagalu tina timachiradi tokha, tina timafa; ndipo nthawi zina nthenda ya kagalu kamodzi imadzetsa maliro m'nyumba ya mwini wake.

Tisanyoze galu, alimi anzanga. Iye ndiye mlonda wosafunsa malipiro pakutha pa mwezi. Chimanga chikakhwima m'munda ndiye apirikitsa apusi ndi anyani. Chikalowa m'nkhokwe, ndi fodya akapachikidwa m'chigafa, ndiye auwa pakumva mapazi a munthu woyenda usiku. Koma mlonda wotere sapezeka tsiku limodzi. Amayamba ali kamwana kofooka, ndipo miyezi 6 yoyamba ndiyo nthawi imene nthenda zimamgwira msanga. M'mera mpoyamba.

Tsono mau oyamba kuwagwiritsa ndi awa: chifuwa si nthenda pachokha ai, koma mthenga wotiuza kuti m'thupi muli bvuto. Inu mudziwa kuti chimanga chimachita chikasu pa zifukwa zosiyanasiyana, mwina nthaka yaguga, mwina madzi achuluka, mwina kaufiti walowa m'munda; ndipo mlimi wanzeru sathira kanthu asanadziwe chimene chabvuta. Chomwechonso ndi chifuwa cha kagalu. China chimatha ndi pogona pouma, china chifuna mankhwala, china chifuna kuti kagaluko kapatulidwe, ndipo chilipo china chimene chifuna kuti munthu asakakhudze konse.

YAMBANI MWAONA NDI KUMVETSERA

Kuona maso a nkhono nkudekha. Musanachite kanthu, khalani pansi muyang'ane kagaluko, ndipo mudzifunse mafunso awa. Kodi kalikudya ndi kusewera monga mwa masiku onse? Kodi chifuwacho nchouma, kapena nchonyowa ngati muli madzi m'kati? Kodi m'maso ndi m'mphuno mulikutuluka kanthu? Kodi mimba yake yatupa? Nanga anzake obadwa nako ali bwanji? Kodi kakumana ndi galu wachilendo, kapena kulumidwa, masabata apitawa?

Pambuyo pake werengani kupuma kwake. Dikirani kagone tulo pamthunzi, ndipo muyang'ane nthiti: kukwera ndi kutsika kwake muwerenge kamodzi. Kagalu kabwino kamapuma pakati pa ka 15 ndi ka 40 pa mphindi imodzi. Ngati kapitirira pamenepo nthawi zonse, kapena kapuma ndi mimba yomwe, kapena kakana kugona pansi ndi kumangoima chotambasula khosi, dziwani kuti mpweya ulikukachepera.

Onaninso nkhama zake. Za galu wabwino zimakhala zofiirira ngati m'kati mwa gwafa wakupsa. Zikayera mbuu, magazi achepa, ndipo kawirikawiri chifukwa chake ndi njoka za m'mimba kapena nthenda yobwera ndi nkhupakupa. Kagalu kotere kamapuma mofulumira ngakhale mapapo ake ali bwino. Zikachita zotuwa modera, mapapo alikulephera nchito yake, ndipo si nkhani yodikira mawa. Agalu ena ali ndi nkhama zakuda chibadwire. Kwa otero muyang'ane m'kati mwa chikope cha m'munsi. Koma galu amene alikuchucha dobvu, kapena amene wasintha khalidwe lake, musamgwire kukamwa. Chifukwa chake tichinena m'munsimu.

NJOKA ZA M'MIMBA

Wina angafunse kuti, kodi njoka ya m'mimba ingatsokomoletse bwanji galu, popeza mimba ndi chifuwa nzosiyana? Yankho lake lili m'ulendo umene njokayo imayenda. Pali njoka yoyera, yobulungira, imene yaikazi yake imatalika kufikira masentimita 18, ndiwo mainchesi 7. Ana a njoka imeneyi, osaoneka ndi maso, amabisala m'thupi la galu wamkazi, nadzuka pamene iye ali ndi bere, nalowa mwa tiagalu tisanabadwe. Chotero tiagalu tambiri timabadwa tili nazo kale. Tikabadwa, tinjokato timachoka m'chiwindi ndi kupita m'mapapo. M'menemo timakwera kukhosi, kagalu kamatsokomola ndi kutimeza, ndipo timakafika m'matumbo kumene timakula. Chifuwa chimene mumamva m'masabata oyamba, nthawi zambiri ndicho chizindikiro cha ulendo umenewu.

Kagalu ka njoka kamadziwika ndi mimba yotupa ngati chipanda, nthiti zoonekera, ubweya wosalala ai koma wanyankhalala, ndi kusakula ngakhale kalikudya. Mwina kamasanza njoka zenizenizo. Pali mtundu winanso waung'ono, umene umalowa ndi mkaka wa make ndi kumayamwa magazi m'matumbo. Umenewu umayeretsa nkhama ndi kudetsa chimbudzi, ndipo ukhoza kupha kagalu ka masabata 3 okha.

Nkhani iyi ikhudzanso ana athu. Njoka yaikazi imodzi ikhoza kuikira mazira okwana 200,000 tsiku limodzi; mazirawo amatuluka ndi chimbudzi, nakhala ndi moyo m'dothi lonyowa kwa zaka. Mwana wokwawa pabwalo akaika dothilo m'kamwa, tinjokato tikhoza kuyenda m'thupi mwake ndi kuononga chiwindi kapena diso. Chifukwa chake chimbudzi cha agalu chizichotsedwa pabwalo tsiku ndi tsiku ndi kutayidwa m'dzenje lakuya, ndipo ana azisamba m'manja asanadye.

Mankhwala ake alipo, monga pyrantel ndi fenbendazole. Kagalu kamwetsedwe pa masabata 2, 4, 6 ndi 8, ndipo kuchokera pamenepo kamodzi pa mwezi kufikira miyezi 6. Make amwetsedwenso pamodzi ndi anawo. Muyeso wake umatsata kulemera kwa galu, chotero mufunse mlangizi wa ziweto, musangoyerekeza.

CHIFUWA CHOPATSIRANA

Pali chifuwa china chimene chimayenda pakati pa agalu monga chimfine chimayenda pakati pa ana a sukulu. Tizilombo take timakhala kukhosi ndi m'njira ya mpweya, ndipo timafalikira pamene agalu asonkhana, anunkhizana, kapena amwera m'mbale imodzi. Chimayamba patapita masiku 3 kufikira 10 galu atakumana ndi wodwala. Nchouma ndi chaphokoso, chimabwera motsatizana, ndipo pomaliza galu amachita ngati afuna kusanza, nalabvula thobvu loyera pang'ono. Akathamanga, kapena chingwe chikamkoka pakhosi, chimayambanso.

Chizindikiro chotonthoza mtima nchakuti galuyo amadyabe ndi kugwedeza mchira. Chifuwa chotere chimatha chokha pa sabata limodzi kufikira 3, ngati galu apumula ndi kugona pofunda. Mumpatule kwa anzake nthawi yonseyo, ndipo mbale yake ikhale yakeyake. Koma kagalu kakang'ono muzikayang'anira m'mawa ndi madzulo, pakuti mwa iko nthendayi ikhoza kutsikira m'mapapo ndi kusanduka chibayo.

NTHENDA YA DISTEMPER

Iyi ndiyo nthenda imene imatha tiagalu tonse ta m'mimba imodzi, mwini wake nkumati wina wamthirira mankhwala. M'chaka cha 1905 dotolo wa ziweto wa ku France, Henri Carré, anaonetsa kuti imadza ndi kachilombo kakang'ono kopambana, ndipo lero tidziwa kuti kachilomboko nkapachibale ndi kamene kamadzetsa chikuku kwa ana a anthu. Munthu satenga distemper kwa galu ai, koma nyama zakuthengo zimatenga: m'chaka cha 1994 nthendayi inapha mikango pafupifupi 1,000 ku Serengeti m'dziko la Tanzania, ndiwo mkango umodzi mwa itatu iliyonse ya kumeneko.

Imakonda tiagalu ta miyezi 3 kufikira 6, pamene mphamvu yoteteza imene tinayamwa kwa make yatha. Poyamba thupi limatentha ndipo kagalu kamaleka kudya. Kenaka m'maso mumadzaza manthongo achikasu, mphuno imatuluka mamina okhuthala amene amauma ndi kutseka mphunoyo, kotero kuti kamapuma mofwenthera. Chifuwa chimayamba chouma nkusanduka chonyowa. Kusanza ndi kutsegula m'mimba kumatsatira. Mwa tina khungu la kuphazi ndi la pamphuno limauma gwa. Choipa koposa nchakuti kagalu kakhoza kuoneka ngati kachira, ndipo patapita masabata pang'ono nthendayo nkulowa m'bongo: nsagwada zimatafuna popanda chakudya, mwendo umadumphadumpha wokha, ndipo kamagwa ngati munthu wakhunyu.

Mankhwala opha kachilombo kameneka kulibe. Dotolo angathe kuthandiza thupi ndi madzi ndi mankhwala oletsa chibayo, koma tiagalu tambiri togwidwa nayo timafa. Chida chathu ndi katemera: woyamba pa masabata 6 kufikira 8, ndi kubwereza pakapita masabata 3 kapena 4 aliwonse kufikira kagalu katakwana masabata 16. Katemera ameneyu ndi wina, wosiyana ndi wa chiwewe. Galu wobayidwa wa chiwewe yekha sanatetezedwe ku distemper. Nthendayi ikalowa pakhomo, tenthani udzu ndi ziguduli zimene wodwalayo anagonera, tsukani mbale ndi sopo ndi kuziyanika padzuwa, ndipo musabweretse kagalu kena pamene wochira akali pomwepo, pakuti iye amafalitsabe nthendayo kwa masabata angapo.

CHIBAYO

Chibayo ndicho kutupa kwa mapapo, ndipo kawirikawiri ndiwo mathero a nthenda zimene tatchulazi zikalekereredwa. Kagalu kamafooka, thupi limatentha, kamapuma mofulumira ndi mobanika, ndipo mukaika khutu pafupi ndi nthiti mumva phokoso ngati la phala lobwata pamoto. Kuzizira pakokha sikubala tizilombo, koma kumafooketsa thupi kuti tizilomboto tipambane. Kagalu kosakwana masabata 4 sikatha kudzifunditsa bwino kokha. Kakagona pa dothi lonyowa usiku wa chiperoni, mphamvu zake zimathera pakulimbana ndi mphepo.

Pali chibayo china chimene timachipanga tokha ndi manja athu. Make akafa kapena akakana ana, munthu wachifundo amagoneka kagalu chagada ndi kukathira mkaka kapena phala m'kamwa. Madziwo amalowa m'njira ya mpweya, nakaola m'mapapo. Kagalu kazimwa kali chafufumimba monga kamachitira poyamwa, pang'ono pang'ono. Ndipo galu wodwala asathiridwe kanthu kukhosi mokakamiza. Ngati mkaka utuluka m'mphuno nthawi zonse kagalu kakayamwa, mwina kanabadwa ndi mng'alu kumwamba kwa m'kamwa. Chibayo cha mtundu uliwonse chifuna dotolo wa ziweto tsiku lomwelo.

UTSI, PFUMBI NDI MANKHWALA A PAMUNDA

Nyengo yozizira tiagalu timathawira kukhitchini ndi kugona m'phulusa pafupi ndi mafuwa. Utsi wa nkhuni zaziwisi, m'nyumba yopanda zenera, umawawa kukhosi kwa kagalu monga umawawira kwa amai ophika. Chimodzimodzi utsi wa m'nyumba yofukizira fodya, ndi pfumbi la posankha fodya kapena popeta chimanga. Chifuwa chotere chimatha masiku owerengeka mukasintha pogona. Kumbukiraninso kuti tsamba la fodya ndi poizoni kwa galu. Kagalu kakalitafuna kamasanza, kamanjenjemera ndi kupuma mobvutika.

Mankhwala othira m'chimanga poletsa anankafumbwe, monga Actellic, ndi ena opopera fodya ndi ndiwo zamasamba, ngothandiza pa nchito yake, koma kagalu kakanyambita paketi yotayidwa kamachucha malobvu, minofu imanjenjemera, kamatsegula m'mimba, ndipo m'chifuwa mumadzaza madzi. Tameki amachita zomwezo mofulumira koposa. Mankhwala ena a makoswe sachita msanga: amaletsa magazi kuundana, ndipo pakapita masiku 3 kufikira 5 galu amayamba kutsokomola ndi kufooka chifukwa magazi alikutayikira m'kati. Mukaganiza za poizoni, tengani paketiyo pamodzi ndi galu popita kwa dotolo, pakuti mtundu uliwonse uli ndi mankhwala akeake.

CHINGWE NDI PFUPA

Yang'anani chingwe cha pakhosi. Kagalu kamakula sabata ndi sabata, koma chingwe sichikula. Ndipo waya kapena luzi womangidwa mu April akhoza kukhala alikutsamwitsa mu June. Zala ziwiri zizilowa pakati pa chingwe ndi khosi. Kuluma kwa njuchi kapena mabvu m'kamwa kumatupitsanso kukhosi mwadzidzidzi. Ndipo tiagalu, popeza timatafuna chilichonse, timatsamwa ndi pfupa la nkhuku, minga ya nsomba, kapena chidutswa cha chitsononkho. Kotsamwa kamayamba mwadzidzidzi kali pakati pa kudya kapena kusewera, kamakanda kukamwa ndi miyendo, koma nzeru zake zimakhala zili bwino.

Phokoso lina si loopsa. Galu amaima chilili, natambasula khosi, nakoka mpweya ndi mphuno mwamphamvu kangapo, kenaka nkupitiriza kusewera ngati palibe chachitika. Kameneko ndi kuyabwa kwa kumbuyo kwa mphuno. Agalu achizungu a mphuno zazifupi amaliza mkonono chibadwire. Koma agalu athu a m'midzi ali ndi mphuno zazitali, chotero phokoso losatha mwa iwo lili ndi chifukwa chake.

PFUPA LIMENE SILI PFUPA: CHIWEWE

Apa ndipo pali mau akulu koposa onse. Anthu ambiri amadziwa galu wachiwewe wolusa, wothamanga ndi kuluma chilichonse. Koma chiwewe chili ndi nkhope inanso, yachete. Kachilombo kake kamapha minofu ya kukhosi ndi ya nsagwada, kotero kuti galu satha kumeza. Kukamwa kumakhala chotseguka, dobvu limachucha, kuuwa kumasintha nkukhala kosasa mau, ndipo amachita ngati alikutsokomola kuti atulutse kanthu. Mwini wake amati, "Watsamwa ndi pfupa," napisa dzanja m'kamwa kulifuna. Pfupa mulibe, koma malobvu odzaza ndi chiwewe alowa pa kabala ka pachala, kapena dzino lamkanda.

Musaganize kuti kagalu kakang'ono sikangakhale ndi chiwewe. Kakhoza kutero, ndipo nkoopsa koposa chifukwa ana amakanyamula ndi kusewera nako, ndipo kakawaluma pang'ono sanena kwa makolo. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, liwerengera kuti chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri a iwo mu Africa ndi Asia. Mwa anthu 10 alionse otere, 4 ndi ana osakwana zaka 15. Zizindikiro zikayamba kuoneka mwa munthu, palibe chipatala chingamchize. Koma katemera woperekedwa msanga munthu atangolumidwa amapulumutsa, monga Louis Pasteur anaonetsera mu July 1885 pa mnyamata wa zaka 9, Joseph Meister, amene analumidwa ndi galu wachiwewe nakhala ndi moyo.

Chotero galu akaoneka ngati watsamwa inu osamuona alikudya pfupa, makamaka ngati sanabayidwe katemera, kapena analumidwa ndi galu wina kapena nkhandwe miyezi yapitayi, mumtsekere pamalo pamene sangatuluke, ana ndi ziweto zikhale kutali, ndipo mutume munthu kwa mlangizi wa ziweto. Galu wachiwewe amafa asanathe masiku 10 chiyambire zizindikiro. Akafa musamtaye kumtsinje kapena m'nthochi. A ziweto ndiwo adziwa kutumiza mutu wake kukapimidwa. Munthu amene walumidwa, wakandidwa, kapena wanyambitidwa pabala, atsuke pamalopo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo apite kuchipatala chapafupi tsiku lomwelo. Ngati katemera palibe pamenepo, apitirire ku chipatala chachikulu cha Boma ku Thyolo. Asadikire kuona ngati galuyo afa.

Nthendayi ikhoza kugonjetsedwa. M'chaka cha 2015 bungwe la Mission Rabies linabaya katemera agalu oposa 35,000 m'masiku 20 mu mzinda wa Blantyre. Odziwa za nthendayi amati agalu 7 mwa 10 alionse akabayidwa chaka ndi chaka, chiwewe chimasowa podzera. Mudzi uliwonse ungathe kufika pamenepo ngati nyakwawa ndi anthu ake agwirizana.

ZOYENERA KUCHITA

1. Konzerani galu wamkazi ndi ana ake kanyumba kouma, kotchinga mphepo, kutali ndi utsi. Muyalemo udzu wouma kapena chiguduli, ndipo muzisintha sabata ndi sabata.

2. Tiagalu tiyamwe mkaka woyamba wa make, pakuti m'menemo ndimo muli chitetezo, ndipo tisachotsedwe kwa iye tisanakwane masabata 8. Tikayamba kudya, phala la mgaiwa lokha silikwana. Sakanizanimo usipa wosinja, dzira lophika kapena nyemba zofewa.

3. Mwetsani mankhwala a njoka pa nthawi zimene tanena, ndipo chotsani nkhupakupa ndi nthata.

4. Bayitsani katemera wa distemper, ndi wa chiwewe pa miyezi 3. Obaya katemera wa chiwewe akafika m'dera lanu, pitani ndi agalu onse, tiana tomwe.

5. Kagalu kogula kumsika kapena m'mbali mwa mseu kakhale pakokha masabata 2 kasanasakanizidwe ndi anzake. Funsani ngati make anabayidwa.

6. Musapatse galu mankhwala a anthu monga Panado ndi Brufen. Amaononga chiwindi, impso ndi m'mimba mwake. Musampatsenso tsabola, fodya kapena palafini.

7. Pitani kwa dotolo kapena mlangizi wa ziweto tsiku lomwelo ngati kagalu kaleka kudya, kapuma mobanika, nkhama zasintha mtundu, kapena m'maso ndi m'mphuno mwatuluka mafinya; ndiponso ngati chifuwa chapitirira sabata limodzi osachepa.

Zambiri mwa izi sizifuna ndalama, koma maso, makutu ndi chiguduli chouma. Zimene zifuna ndalama, mtengo wake ngwochepa poyerekeza ndi nkhokwe ya chimanga yopita ndi akuba, kapena moyo wa mwana. Chimene simunachimvetse, kafunseni kwa mlangizi wa ziweto wa dera lanu, ndipo muwerengere mau awa mnansi wanu amene satha kuwerenga. Pakuti safunsa adadya phula, ndipo galu wodwala sadziwa malire a mudzi.